MITA YOWERENGA MBALI ZIWIRI

Madzulo ena, titatsiriza phunziro la masamu m'kalasi lathu la akuluakulu ku Mandimba, bambo wina wolima fodya adaimirira nati: "Aphunzitsi, ine ndagulitsa fodya wanga chaka chino. Munthu wina wamalonda wandiuza kuti ndikaika mapanelo a sola pa denga, mita yanga idzayamba kuyenda chobwerera, ndipo eni magetsi ndiwo adzayamba kundilipira ine. Kodi nzoona zimenezi?"

Kalasi lonse lidaseka. Koma funso la bambowa silinali lopusa ayi. Mawu a wamalonda uja ali ndi choonadi pang'ono ndi bodza pang'ono. Munthu wosadziwa kusiyanitsa ziwirizi akhoza kutaya ndalama za thukuta la chaka chathunthu. Akhozanso kuika moyo wa mnzake pangozi. Nchifukwa chake talemba phunziro ili. Tiyeni tiliwerenge pamodzi pang'onopang'ono.

MAGETSI ATHU AMACHOKERA KUTI?

Magetsi ambiri a dziko lathu la Mozambique amapangidwa ku damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi, m'chigawo cha Tete. Damuli lidatha kumangidwa mu 1974, ndipo makina ake ali ndi mphamvu ya mamegawati 2,075. Bungwe la boma logawa magetsi, la Electricidade de Moçambique, limene tonse timalitcha EDM, lidakhazikitsidwa mu 1977.

Kuti magetsi a ku Cahora Bassa atifike ife a ku Niassa, amayenda ulendo wautali. Waya wake amatsika ndi mtsinje wa Zambezi, nakwera kudzera ku Mocuba, ku Alto Molócuè ndi ku Gurué, kenaka nafika ku Cuamba ndi kupitirira mpaka ku Lichinga. Ife tili kumapeto kwa chingwe. Chikaduka pakati, amene amavutika ndife.

Tidaziona zimenezi mu Januwale 2015. Mtsinje wa Licungo udasefukira nugwetsa nsanja za mawaya pafupi ndi Mocuba. Zigawo za Nampula, Niassa ndi Cabo Delgado zidakhala mu mdima pafupifupi mwezi wathunthu. Zigayo zambiri zidaima. Nsomba ndi nyama zidaola m'mafiriji. Kuyambira nthawi imeneyo ambiri a ife tidayamba kufunsa kuti: kodi sitingathe kupanga magetsi ena pompano?

MUNDA WA DZUWA WA KU CUAMBA

Yankho lina lili ku Tetereane, kufupi ndi mzinda wa Cuamba. Kumeneko kuli malo aakulu odzala ndi mapanelo ondondozana m'mizere ngati mizere ya m'munda. Ntchito yomanga idayamba mu 2021, ndipo Pulezidenti Filipe Nyusi adatsegula malowa mu Sepitembala 2023. Adamanga ndi makampani a Globeleq ndi Source Energia pamodzi ndi EDM. Mapanelo ake ali ndi mphamvu ya mamegawati 19. Palinso mabatire aakulu osunga mayuniti 7,000 a magetsi. Magetsi opangidwa kumeneko amagulidwa ndi EDM pa pangano la zaka 25.

Tiyeni tione bwino zimene zili pa malo amenewa. Pali mapanelo okolola kuwala kwa dzuwa. Pali mabatire osunga. Pali waya wolumikiza ku chingwe cha dziko lonse. Palinso mita yowerenga magetsi amene atuluka, ndi pangano lolembedwa lonena za mtengo wake. Nkhani ya bambo wa fodya uja ndi yomweyi, kungoti yake ndi yaing'ono. Iye afuna kuchita pa denga lake zimene zikuchitika ku Tetereane.

NYUMBA YA MAFUWA ATATU

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Nyumba imene tikunena pano nayonso imadalira zinthu zitatu: mapanelo, batire ndi waya wa EDM.

Mapanelo amapanga magetsi masana okha. Batire limasunga ena mwa magetsiwo kuti tidzagwiritse usiku. Waya wa EDM amathandiza pamene dzuwa labisala ndipo batire latha.

Pakati pa zitatuzi pamakhala kabokosi kotchedwa inveta. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusandutsa magetsi. Magetsi a mapanelo ndi a batire amayenda njira imodzi ngati madzi mu ngalande. Magetsi a EDM amapita nabwerera ka 50 pa kamphindi kamodzi, pa mphamvu ya mavoti 220. Firiji, wailesi ya kanema ndi ayironi zimafuna mtundu wachiwiriwu, ndipo inveta ndiyo imaupanga. Ntchito yachiwiri ndi kugawa. Inveta ili ngati kapitawo. Imayamba yapatsa nyumba, kenaka imadzaza batire. Zonsezi zikalephera, imatsegula khomo la EDM.

Si inveta iliyonse imene imatha kuchita zonsezi. Zambiri zimene timaziona m'misika ndi zazing'ono, zogwira ntchito ndi batire lokha. Zimenezo sizilumikizidwa ku waya wa EDM ngakhale pang'ono.

YUNITI NCHIYANI?

Chimanga timayeza ndi chitini. Nsalu timayeza ndi mkono. Magetsi timayeza ndi yuniti. Pa risiti ya magetsi yuniti imalembedwa ndi zilembo zitatu izi: kWh. Tiyeni tizilembe m'makope athu kuti tisaziiwale.

Yuniti imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 yogwira ntchito kwa ola limodzi. Ayironi ya mawati 1,000 ikayaka ola limodzi, yadya yuniti imodzi. Babu la mawati 10 limafuna maola 100 kuti lithe yuniti yomweyo. Chida chilichonse chili ndi nambala ya mawati ake, yolembedwa pansi kapena kumbuyo. Munthu wodziwa kuwerenga amaiona asanagule.

Panelo limodzi la mawati 400, pa tsiku lowala bwino, limatipatsa yuniti imodzi ndi theka kapena mayuniti awiri. Nthawi ya dzinja, kukachita mitambo, limapereka zochepa. Fumbi la mu Okutobala ndi phulusa la moto wolusa zikaunjikana pa galasi lake, limaperekanso zochepa. Nchifukwa chake timalipukuta ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, m'mawa lisanatenthe.

MAGETSI OTSALA AMAPITA KUTI?

Tsono tafika pa mutu weniweni wa nkhani yathu.

Dzuwa likafika pamutu, mapanelo amapanga magetsi ochuluka. Koma nthawi imeneyo ndi imene tili kumunda, kumsika kapena kusukulu. M'nyumba mulibe munthu, ndipo batire ladzala kale. Magetsi otsalawo alibe kolowera. Inveta imangochepetsa ntchito ya mapanelo, ndipo kuwala kuja kumapita pachabe. Zili ngati mango akugwa pansi pa mtengo popanda wotola.

M'maiko ena adapeza njira. Magetsi otsala amaloledwa kutuluka m'nyumba ndi kulowa mu waya wa dziko, ndipo amakagwira ntchito kwa anansi, ku chigayo kapena ku chipatala. Usiku mwini nyumba amatenganso magetsi kuchokera mu waya yemweyo. Pakutha pa mwezi amachotsera: amene watenga, kuchotsapo amene wapereka. Amalipira otsala okhawo. Njira imeneyi pa Chingelezi amaitcha net metering. Ife tingati ndi kubwezerana magetsi.

Taganizani za nkhokwe ya gulu. Pokolola, mlimi amatula matumba ake kumeneko, ndipo mlembi amalemba m'buku. M'miyezi ya njala amakatenga, mlembi nalembanso. Chimanga chimene watenga si chomwe chija adatula ayi, koma buku limasunga mlandu wake. Pa magetsi, nkhokwe ndi waya wa dziko, ndipo mlembi ndi mita.

Mlembi wotere ayenera kukhala ndi masamba awiri m'buku lake. Nchifukwa chake pamafunika mita yapadera yowerenga mbali ziwiri. Nambala imodzi imaonetsa magetsi olowa m'nyumba. Nambala ina imaonetsa magetsi otuluka.

TIYENI TIWERENGETSE

Tiyerekeze kuti banja lina ku Cuamba lili ndi mapanelo 6 a mawati 400. Pa tsiku lowala limapeza mayuniti 10.

Masana nyumba yagwiritsa mayuniti 4. Batire latenga mayuniti 3. Otsala ndi angati? 10 kuchotsapo 7, atsala 3.

Mayuniti 3 pa tsiku, kwa masiku 30, ndi mayuniti 90. Amenewa ndiwo otuluka.

Mwezi womwewo, usiku ndi m'mamawa, batire litatha, banjalo latenga mayuniti 120 kuchokera mu waya. Amenewa ndiwo olowa.

120 kuchotsapo 90, atsala 30. Banjalo lilipira mayuniti 30 m'malo mwa 120.

Onani bwino. Banjali silidalandire ndalama m'manja. Langolipira zochepa. Apa ndi pamene wamalonda uja adakometsera mawu.

Palinso china choti tichenjere nacho. M'maiko ena yuniti yotuluka imafafaniza yuniti yolowa, imodzi kwa imodzi. M'maiko ena mitengo ndi iwiri: kampani imagula yuniti yanu motsika, nikugulitsani yake mokwera. Alimi tonse tikuzidziwa zimenezi. Mtengo wogulitsira chimanga mu Meyi si womwe timagulira mu Januwale. Kampani imanena kuti iyo ndiyo imasamala mitengo ndi mawaya, ndipo imatipatsa magetsi usiku pamene dzuwa kulibe. Mawu amenewa ali ndi nzeru yake. Koma mwini nyumba ayenera kudziwa kuti pangano lake ndi la mtundu uti asanasaine.

ANZATHU A M'MAIKO ENA

Ku Brazil, dziko lolankhula Chipwitikizi, njira imeneyi idayamba mu 2012. Kumeneko munthu akapereka magetsi ochuluka kuposa amene watenga, sapatsidwa ndalama. Otsalawo amalembedwa m'dzina lake, ndipo ali ndi miyezi 60 yoti awagwiritse. Ku Zimbabwe malamulo ake adatuluka mu 2018. Ku Zambia adatuluka mu 2024, chaka chimene chilala chidachepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo anthu ankakhala maola ambiri tsiku lililonse opanda magetsi.

M'maiko onsewa dongosolo ndi lofanana. Munthu amayamba wapempha. Eni mawaya amaona ngati zipangizo zake ndi zoyenera. Amaika mita ya mbali ziwiri. Kenaka mbali zonse ziwiri zimasaina pangano. M'maiko amenewa munthu samangokwera pa denga yekha nayamba kutumiza magetsi.

NANGA KUNO KWATHU?

Ambiri a ife amene tili ndi magetsi a EDM tili ndi mita ya Credelec. Timayamba talipira, pa sitolo kapena pa foni, ndipo timalandira manambala 20. Tikawalowetsa mu mita, mayuniti amaonekera, ndipo amachepa tikamagwiritsa ntchito. Mita imeneyi idapangidwa kuti izichotsera mayuniti amene tagula. Siidapangidwe kuti izitibwezera. Mamita ena olipiriratu sazindikira n'komwe kumene magetsi akulowera. Akaona magetsi akudutsa, amangochotsera mayuniti. Pamenepo munthu amalipira magetsi amene wapereka yekha!

Dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira malamulo ndi mitengo ya magetsi, la ARENE, limene lidakhazikitsidwa mu 2017. Lilinso ndi lamulo latsopano la magetsi, nambala 12 la chaka cha 2022, limene lidakulitsa mwayi woti anthu ndi makampani azipanga magetsi. Koma kupanga magetsi ogwiritsa m'nyumba mwako ndi chinthu china, ndipo kuwalowetsa mu waya wa dziko ndi chinthu chinanso. Waya ali ndi mwini wake. Popanda chilolezo cholembedwa cha EDM, ndi popanda mita yoyenera, palibe amene akulemba mayuniti anu m'buku.

Chotero bambo uja tidamuyankha kuti: "Bambo, musanatulutse ndalama, pitani ku ofesi ya EDM. Kafunseni ngati nyumba ngati yanu ikuloledwa kutumiza magetsi mu waya. Yankho likakhale la pa pepala. Ngati palibe pepala, gulani mapanelo okwanira nyumba yanu yokha, ndipo mmisiri atchere inveta kuti isatulutse kanthu kunja."

MOYO WA MUNTHU ULI PA MTENGO

Ndalama zikatayika zimapezekanso. Moyo supezeka kawiri.

Waya akaduka ndi mphepo kapena mphezi, amisiri a magetsi amayamba azimitsa chingwe chonse cha dera limenelo. Kenaka mmodzi amakwera pa mtengo, ali ndi chikhulupiriro chakuti mu waya mulibe moto. Tsono ngati pa nyumba ina pali inveta imene ikukankhirabe magetsi mu waya yemweyo, mmisiri uja akhoza kufera pamwamba. Mwana wogwira waya wogwa pansi akhozanso kufa.

Inveta yoyenera imazindikira kuti magetsi a dziko azima. Nthawi yomweyo imadzipatula ku waya wa kunja, nipitiriza kudyetsa nyumba yokha kuchokera ku batire. Inveta yosayenera, kapena yolumikizidwa ndi munthu wongoyesera, sichita zimenezi. Nchifukwa chake sitilola mphwathu amene amakonza mawailesi kuti alumikize sola ku mawaya a EDM. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wophunzira, wokhala ndi chikalata. Mmisiri amene wakwera pa mtengo uja ndi mwana wa mnzathu. Tiyeni timuteteze.

KUMENE WAYA SANAFIKE

Anzathu a m'midzi ya ku Ngauma, kupatuka pa msewu wa Massangulo ndi Itepela, ndiponso a m'midzi ya kutali ya ku Mitande, angafunse kuti: "Ife tilibe waya. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?"

Nzoona, kumene kulibe waya kulibe kubwezerana. Nkhokwe yanu ndi batire lokha. Koma phunziro la mayuniti ndi lanu lomwe. Musagule mapanelo ambiri ndi batire laling'ono, pakuti magetsi adzatayika masana. Musagulenso batire lalikulu ndi panelo laling'ono, pakuti batire losadzala limafa msanga. Ntchito zolemera tizichita dzuwa lili pamutu: kupopa madzi a kudimba, kutchaja mafoni, kusoka ndi makina, kumeta. Usiku tisiyire nyale ndi wailesi.

Boma lili ndi bungwe la FUNAE, lokhazikitsidwa mu 1997, limene ntchito yake ndi kufikitsa mphamvu ku madera akutali. Kumpoto kwa chigawo chathu, ku Mavago, ku Mecula ndi ku Muembe, bungweli lidamanga malo opangira magetsi a dzuwa. Mu 2018 boma lidayambitsa ndondomeko ya Energia para Todos, ndi cholinga chakuti munthu aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Waya akadzafika m'mudzi mwanu, adzapeze anthu odziwa kale kuwerenga mita.

TISANAGULE

Choyamba, tilembe zida zonse za m'nyumba, mawati ake, ndi maola amene zimayaka. Tikatero tidzadziwa mayuniti amene timafuna pa tsiku.

Chachiwiri, tiwerenge mita yathu m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi. Tidzadziwa kuti timadya magetsi ambiri masana kapena usiku.

Chachitatu, tifunse wogulitsa ngati inveta yake imadzipatula magetsi a dziko akazima. Ationetse pamene zalembedwa.

Chachinayi, titenge risiti yokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, ndi nthawi ya chitsimikizo.

Chachisanu, tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinaliwerenge. Ngati ndi la Chipwitikizi chovuta, tibwere nalo ku kalasi kuti tiliwerenge pamodzi.

Bambo wa fodya uja adachita chachiwirichi. Tsiku lililonse ankabwera ndi manambala a mita m'kope lake, ndipo kalasi lonse linkachotsera pa bolodi. Sabata itatha, adaona yekha kuti nyumba yake imadya magetsi ambiri dzuwa litalowa. Adati: "Ndiye kuti ine chondithandiza ndi batire labwino, osati denga lodzala mapanelo." Nzeru imeneyi sadaipeze kwa wamalonda, ndiponso sadaipeze kwa ife aphunzitsi. Adaipeza m'manambala amene adalemba ndi dzanja lake.

Amayi ndi abambo, dzuwa la ku Niassa silifuna malipiro. Koma mapanelo, batire ndi mita zimalankhula ndi zilembo ndi manambala. Wosadziwa kuwerenga amangomva za m'maluwa. Wodziwa kuwerenga amafunsa, amawerengetsa, ndipo sanyengedwa. Tiyeni tisajombe ku kalasi.

MAWU OTI TILEMBE M'MAKOPE

mita, yuniti, panelo, batire, inveta, waya, pangano, chilolezo

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Tchulani mafuwa atatu a nyumba imene tawerenga.
2. Nchifukwa chiyani magetsi a dzuwa amatsala masana?
3. Kodi mita ya Credelec ndi mita ya mbali ziwiri zimasiyana bwanji?
4. Kodi inveta yosayenera ingaphe bwanji munthu amene ali kutali ndi nyumba yathu?
5. Mudali kuti pamene magetsi adazima mu Januwale 2015? Fotokozerani anzanu zimene zidaonongeka kwanu.

MASAMU

1. Banja latenga mayuniti 150, ndipo lapereka mayuniti 65. Lilipira mayuniti angati?
2. Mababu 4 a mawati 10 ayaka maola 5 usiku uliwonse. Adya mayuniti angati pa masiku 30?
3. Nyumba imafuna mayuniti 6 pa tsiku. Panelo limodzi limapereka mayuniti 2. Pafunika mapanelo angati?